Mutu 6: Kansalu Kofiira pa Chiwongolero

1. Njati yadzuka

Galimotoyo inali yakale kuposa Kachete. Inakhala zaka zambiri kuseri kwa galaja ya amalume ake, matayala ataphwa, udzu utamera mpaka m'zitseko. Nkhuku zinkaikira mazira pampando wakumbuyo.

Kachete atamaliza sekondale anayamba kuphunzira ntchito pa galajapo. Dzinali anamupatsa ndi makasitomala, chifukwa munthu ankatha kubwera, kukonzetsa galimoto mpaka kuchoka osamva mawu a mtsikanayo. Ankapereka moni ndi mutu. Akafunsidwa kanthu ankaloza amalume ake.

Amalume anamupatsa galimoto yakaleyo kuti aphunzirirepo. Ankathandizana ndi mchimwene wake wamkulu, amene anthu ankamutchula kuti Liwiro. Iyeyu anali dalaivala, koma kampani ya mabasi imene ankagwirako inatsekedwa. Tsopano ankangokhala, mkazi wake ali woyembekezera.

Awiriwo anapala dzimbiri, anawotcherera pansi pamene panabooka, anatsitsa injini n'kuitsuka chidutswa chilichonse. Tsiku limene injiniyo inalira koyamba, Liwiro anavina ndi sipanala m'manja n'kuipatsa galimotoyo dzina loti Njati. Mkazi wake anapitirizabe kuitchula kuti Khola.

Cholinga chinali choti Njati iziyenda kumene kulibe msewu, m'matope ndi m'miyala. Choncho anachotsa masipuling'i akale n'kuika aatali kuti mimba ya galimoto isamagunde pansi. Anaikanso matayala akuluakulu a mano. Njati inatalika moti Kachete ankachita kugwira chitseko pokwera.

Vuto analipeza ndi Kachete. Atakweza galimoto pa jeke, tayala lakutsogolo linalendewera, ndipo anaona kapaipi ka labala kopititsa mafuta a mabuleki ku tayalalo katakokeka ngati chingwe choyanikapo zovala. Galimoto inali itatalika, koma mapaipi anali akale omwe aja, aafupi. Anawakodola amalume ake ndi dzanja.

2. Lamulo la pa galaja

Amalume anagwada n'kugwira kapaipiko ndi zala ziwiri. Anaitana Liwiro kuti naye aone. Kenako anakhala pa tayala lakutha, akupukuta manja.

"Mumvetsere nonse awiri," anatero. "Galimoto zatsopanozi zili ndi njira ziwiri za mafuta a mabuleki. Ina ikaphulika, inayo imakugwira. Zakalezi njira ndi imodzi basi. Kapaipi aka kakang'ambika, mafuta onse amathera pansi, matayala onse anayi n'kukhala opanda mwini. Pamsewu wa tala simungaone vuto, chifukwa tayala silitsika kwambiri. Koma likagwera m'dzenje limakoka paipi, ndipo labala amayamba kung'aluka pang'onopang'ono. Ndiye udzaponda buleki, phazi n'kungofika pansi ngati waponda thonje. Tsoka silinunkha, ana inu. Ine ndakokapo magalimoto m'maphompho, ndipo eni ake onse ananyamuka akunena kuti ayenda bwinobwino. Penti yowalayi isakupusitseni. Kukwera phiri galimoto iliyonse imakwera. Anthu amafera potsika."

Pa galajapo panali lamulo limene amalume analitenga kwa amene anawaphunzitsa ntchito. Galimoto ikapezeka ndi vuto la mabuleki, wopeza vutoyo ankamanga kansalu kofiira pa chiwongolero. Palibe ankaloledwa kuliza injini kansaluko kalipo. Womasula anali yekhayo amene anamanga, ndipo ngakhale amalume sankamasula ka munthu wina. Womasulayo ankayeneranso kukwera nawo pa ulendo woyamba, kuti ngati wanama, bodza lakelo limupeze ali momwemo.

Liwiro anali wamakani, koma lamulo ili ankaliopa. Amalume anathamangitsapo mwana wawo weniweni pa galajapo chifukwa cha kansalu.

Kachete anamanga mfundo yake. M'mawa mwake amalume anakwera basi kupita mumzinda kukasaka mapaipi aatali. Anati zida za galimoto yakale chonchi n'zosowa, mwina abwera madzulo, mwina agona konko.

3. Mlendo wa nsapato zazitali

Dzuwa litakwera, Liwiro anatulukira atavala shati yoyera imene ankavala pokafunsira ntchito. Pambuyo pake pankabwera bambo wina wa imvi, wa nsapato zazitali zokwerera mapiri.

Kampani ya bamboyo inkamanga nsanja za mafoni pamwamba pa mapiri. Inkafuna dalaivala wokhala ndi galimoto yotha kufikitsa anthu ndi zida kumene malole safika. Bwanayo anali ataona kale galimoto ya munthu wina m'mawa womwewo, ndipo madzulo ankabwerera kulikulu ndi dzina limodzi. Pempho lake linali loti Njati imufikitse pamwamba pa phiri la kuseri kwa mgodi wa miyala, kenako imubweze.

Liwiro anamusiya mlendoyo akuzungulira galimoto, n'kukokera mchemwali wake m'kachipinda kosungira zida. Munkanunkha girisi. Anatseka chitseko ndi phazi.

"Kamasule kansalu kaja."

"Mapaipi sanabwere, achimwene."

"Ndikudziwa. Ndinalipo, ndinamva ulaliki wonse. Ndiyenda ngati ndanyamula mazira. Galimotoyi mazira inawazolowera kale."

Kachete sanaseke. Ananena motsitsa kuti ndi bwino awaimbire amalume. Liwiro anayankha kuti kuwaimbira n'chimodzimodzi kukana, ndipo ngati akukana angonena poyera. Anamukumbutsa makalata ofunsira ntchito amene iye mwini, Kachete, ankamulembera chifukwa cha dzanja lake labwino. Palibe ngakhale imodzi imene inayankhidwa.

"Alamu ako atopa, ukuwaona wekha," anatero Liwiro. "Ukufuna mwanayo adzandipeze ndikuwerenga magalimoto a eni pamsewu? Sindikupempha zambiri. Kupita ndi kubwera basi. Amalume akamafika tidzakhala titaibweza pamalo pake, ntchito ili m'thumba."

Kachete anayang'ana kolala ya shati ija. Inali yotha, ndipo wina anali ataitembenuza n'kuisokanso mosamala. Anadziwa kuti ndi ntchito ya alamu ake.

Anatuluka, anakwera m'galimoto n'kuyamba kumasula. Mfundoyo inali yolimba moti anachita kuikoka ndi mano.

"Nanga kansaluko n'kachiyani?" anafunsa bwana uja.

"Mchemwali wangayu amakonda zokongoletsa, bwana," anatero Liwiro mwachangu.

Bwanayo anayang'ana Kachete. Kachete anayang'ana pansi.

Liwiro anamunong'oneza kuti atha kutsala, palibe angadziwe. Mtsikanayo anangotenga botolo la mafuta a mabuleki ndi masipanala awiri, n'kukakhala pampando wakumbuyo.

"Womasula amakwera," anatero.

4. Pokwera

Msewu wa tala unathera pa mgodi. Anthu ankaswa miyala pansi pa phompho lalitali, amayi ena ali ndi ana kumbuyo. Njira ya kuphiri inkadutsa pamwamba penipeni pa phompholo, n'kukhota mwadzidzidzi, kenako n'kulunjika m'mwamba.

Liwiro anaima, anatsika n'kupotokola tizitsulo ta pakati pa matayala akutsogolo kuti onse anayi azikoka. Analowetsa giya yamphamvu. Njati inayamba kukwera ikubangula.

Kuyendetsa ankakudziwa. Ankaona mwala uli patali n'kuikapo tayala m'malo moudutsitsa pansi pa mimba. Pamatope sankaponda moto mopupuluma. Bwana uja poyamba anagwiritsitsa chitseko, koma posakhalitsa anachisiya n'kuyamba kucheza. Anati dalaivala wa m'mawa uja anamugwedeza mpaka mano kuwawa. Liwiro anaseka mokweza kuposa mmene nthabwalayo inalili.

Kachete sankayang'ana kunja. Maso ake anali pa phazi lamanja la mchimwene wake.

Pakati pa phiri panali ngalande imene mvula inakumba modutsa njira. Panalibe polambalala. Liwiro anailowa mopingasa, pang'onopang'ono. Tayala lakutsogolo lakumanzere linatsikira m'ngalandemo, galimoto inapendekeka, botolo lija linagubuduka pansi pa mpando. Injini inalira mwamphamvu ndipo anatulukamo.

"Imeneyi ndi galimoto," anatero bwanayo akumenya dashibodi ndi chikhatho.

Chapatsogolo panalinso ngalande ina, kenako ina yozama kuposa zonse.

Atayandikira pamwamba, mbuzi inadumphira m'njira. Liwiro anaponda buleki. Phazi linatsika kwambiri. Analikweza msanga n'kupondanso, ndipo apa m'pamene galimoto inagwira. Bwanayo ankayang'ana mbuzi, sanaone kanthu.

Liwiro anakweza maso pa galasi loonera kumbuyo. Anakumana ndi maso a mchemwali wake, ndipo anawathawa.

5. Pamwamba pa phiri

Pamwamba panali malo athyathyathya ndi mphepo yozizira. Bwana uja anatsika ndi foni yake kukajambula pamene nsanja idzamangidwe. Atangopita kuseri kwa thanthwe, Kachete anagona chagada n'kulowa pansi pa galimoto.

Kapaipi kaja kanali konyowa. Pafupi ndi nati panali mng'alu waung'ono ngati pakamwa pa nsomba. Dontho linagwera pa mwala, lina linayamba kukula pomwepo. Anatuluka n'kutsegula boneti. M'kabotolo ka mafuta a mabuleki munatsala a pansi penipeni.

Liwiro anadzaima pambali pake. Sanafunse, anali ataona.

Analankhula mofulumira, motsitsa. Anati athire mafuta amene abwera nawo aja, akulunge pong'ambikapo ndi labala wa chubu, atsike ndi giya yamphamvu osagusa buleki. Anati handibuleki ilipo. Anati wakhala akutsika mapiri ndi mabasi odzaza iye Kachete akadali kupulayimale.

"Labala wa chubu sangagwire mphamvu ya buleki," anatero Kachete. "Nanga pokhota paja, pamwamba pa mgodi?"

"Ndikhota."

"Pansi pake pali anthu."

"Ndati ndikhota." Anamugwira pamkono. "Chemwali, sindikuti uname. Ungokhala chete. Imeneyo ndi ntchito imene umaidziwa kuposa tonse."

Anamva nsapato pa miyala. Liwiro anatseka boneti n'kuimirira kutsogolo kwa tayala lija, kubisa madontho ndi miyendo yake.

Bwanayo anabwera akumwetulira. Anati waona zokwanira, ntchito ndi ya Liwiro, akafika pansi aimbira kulikulu kuti ayambe sabata yamawa. Anamugwira chanza. Liwiro analandira ndi manja awiri, maso ake atadzaza misozi imene anayesa kuibisa ndi chifuwa chonamizira.

Bwanayo anatsegula chitseko n'kuika phazi limodzi mkati.

Kachete anatsegula pakamwa, koma mawu oyamba anatengedwa ndi mphepo. Bwanayo anacheuka.

"Wati chiyani, mwanawe?"

Mtsikanayo anapukuta manja pa ovololo. Anayang'ana nsapato za bwanayo, kenako anakweza mutu.

"Ndati musakwere, bambo. Galimotoyi ilibe mabuleki."

Injini yotentha inkangolira tiki, tiki, ikuzizira.

Bwanayo anatsitsa phazi lake. Anapempha kuti amuonetse. Liwiro sanasunthe, mpaka Kachete anachita kumuzungulira n'kuloza pansi. Bamboyo anagwada movutikira, anagusa kapaipiko n'kununkhiza chala chake.

"Zachitikira m'njira muno, kapena munadziwa musananyamuke?"

Liwiro anayamba kunena za ngalande zija. Bwanayo anakweza dzanja n'kuyang'ana Kachete.

"Tinadziwa kuti mapaipi ndi aafupi," anatero Kachete. "Kansalu munafunsa kaja n'kochenjeza. Ndinamanga ndine, ndamasulanso ndine."

Bamboyo anadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo. Polankhula sanakweze mawu.

"Mnyamata, kuyendetsa umatha. Zimenezo sindingakulande. Koma ine anthu amene ndimawatumiza m'mapiri muno ndi ana a eni. Ena ndi a msinkhu wa mchemwali wakoyu. Akakwera galimoto sayang'ana pansi pake, amakhulupirira dalaivala. Ndinaperekezapo maliro a mnyamata wanga mmodzi, ndipo mayi ake anandifunsa funso limene mpaka lero sindinaliyankhe. Galimoto kuwonongeka si mlandu, chitsulo chimatha. Ukanandiuza pansi paja kuti ukudikira mapaipi, ndikanaimba kulikulu n'kupempha kuti andidikire, chifukwa galimotoyi ndinaikonda nditangoiona. Koma unandiyang'ana m'maso n'kunena kuti n'zokongoletsa. Ndipo pano unali wokonzeka kunditsitsa phiri ili, pansi pali azimayi ndi ana awo. Ulova umawawa, ndikudziwa, ndinakhalapo. Koma munthu amene njala ingamutseke pakamwa pa nkhani ya mabuleki, ine sindingamupatse anthu anga."

Anatembenukira kwa Kachete.

"Iwenso, mwanawe, walankhula, ndipo wachita bwino. Koma mawu omwewa ukanawanena pa galaja paja. Chenjezo lili ndi nthawi yake. Likachedwa limasanduka uthenga wa maliro."

Anatenga chikwama chake pampando. Anati atsika wapansi, miyendo yake ikadali ndi mabuleki. Liwiro anamutsatira pang'ono akupepesa, akutchula za mkazi wake, koma bamboyo anangopukusa mutu osacheuka. Anamuona akuchepa m'njira muja mpaka anabisika pa ngalande yozama ija.

6. Awiri okha

Kachete anatola miyala ikuluikulu n'kuika kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala onse. Anazula kiyi n'kumuika m'thumba la ovololo. Liwiro anaona n'kuchokapo.

Anakhala pa thanthwe atafulatira galimoto. Anavula shati yoyera ija, anaipinda bwinobwino n'kuiika pamwendo. Mphepo inkamuomba ali ndi vesiti yokha.

Kachete anaima chapatali. Anati akafika pansi atha kubwereka mapaipi kwa makaniko wina wa ku mgodi, kapena kudikira a amalume, ndipo iye abweranso kudzamanga yekha. Anatinso mwina kampani ina idzafuna galimoto yotere.

"Alamu ako anandipempherera m'mawa," anatero Liwiro patapita nthawi, akuyang'ana kutali. "Ukawauze wekha. Ine pakamwa panga pauma."

"Ndikawauza."

"Zaka zonsezi uli duu. Wasankha lero."

"Mukanafa, achimwene."

"Mwina. Mwinanso ayi. Sitidzadziwa."

Kumadzulo mitambo inali itayamba kuda. Mvula ikagwa, ngalande zija zinkasanduka mitsinje, ndipo Njati ikanatha kukhala pamwambapo mpaka nthaka itauma. Pansi, anthu a pa mgodi ankaoneka ngati nyerere, nyundo zawo zikumveka mochedwa.

Foni inalira m'thumba la Liwiro. Anaitulutsa, anayang'ana dzina, nkhope yake inasintha. Anaisiya ilire mpaka inaduka. Inayambanso.

Anadzuka, anapita pamene panaima mchemwali wake n'kumuika foniyo m'manja. Anali amalume.

"Wayamba kulankhula," anatero Liwiro. "Pitiriza."

Kachete anadina n'kuika foniyo kukhutu. Kumbuyo kwa mawu a amalume kunkamveka chitseko cha malata cha pa galaja, chikugunda ndi mphepo.

"Mapaipi ndawapeza msanga," anatero amalume pang'onopang'ono. "Ndaima pano pamene ndinasiya galimoto. Ndikulankhula ndi ndani?"

"Ndine, malume," anatero Kachete.